Patina wa a Tembo

Anthu akandifunsa kuti ku Canada ndinkagwira ntchito yanji, ndimangoti ndinkakonza magalimoto, kenako n'kusintha nkhani. Ndikafotokoza zonse amandiyesa wabodza. Ndani angakhulupirire kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake anasiya mkazi akulira pa Chileka, n'kuwoloka nyanja, kukapukuta ziphakasa? Koma zinalidi choncho. Magalimoto amene ku Ndirande nkhuku zimaikiramo mazira, kumeneko amagona m'nyumba yofunda atafunditsidwa nsalu. Ife owakonzafe tinkagona kunsi kwa nyumba ya munthu wina, m'chipinda cha kawindo kamodzi koonera mapazi a anthu odutsa.

Amene anandiitana ndi mlongo wanga, namwino wa ku Scarborough. Iye ndiye anamva kuti ku Brampton kuli mzungu wa galaja amene akusowa makaniko wodziwa injini zakale, zija zopanda kompyuta. Amakaniko akumeneko akatsegula boneti n'kusapeza pobayira chingwe cha kompyuta, amangoima manja ali m'thumba. Ine ndinakulira m'mimba mwa injini zoterozo, chifukwa kwathu galimoto siifa, imangodwala. Choncho umphawi wathu womwewu ndi umene unandipezera ntchito.

Mwini galajayo anali Dagi, munthu wa mimba ndi mawu, wodziwa kuseka ndi kasitomala kuposa kugwira sipanala. Makasitomala ake anali madokotala, maloya ndi madala opuma pa ntchito amene ndalama zinkawayabwa m'thumba. Ankabwera Loweruka ndi makapu a khofi, n'kumazungulira magalimoto awo akulankhula motsitsa mawu ngati ali pa siwa. Ena sankadziwa n'komwe pothira oilo. Koma uwafunse chaka chimene nati inayake inapangidwa, akuuza mpaka dzuwa kupendeka.

Kumeneko galimoto ikapitirira zaka makumi atatu, mwini wake akhoza kukailembetsa kuti ndi yamakedzana, n'kulandira nambala puleti yakeyake. Akaigula kwa munthu, imayamba yayezedwa kaye, monga timachitira kuno ndi COF. Woyezayo amalowa kunsi ndi tochi ndi kanyundo, kugogoda paliponse, ndipo akapeza bowo kapena chitsulo chofumbwa, galimoto siyenda. Tsono imvani zodabwitsa. Ikapambana zonsezo n'kulandira nambala ija, galimotoyo yapuma ntchito. Siloledwa kupita kumsika, siloledwa kuperekeza mwana kusukulu. Ntchito yake ndi kupita ku chionetsero, kukaima padzuwa anthu n'kumaijambula. Tsiku lina ndinafunsa Dagi kuti nanga munthu atadwala mwadzidzidzi, pakhomo pali galimoto yokhayo, zimatha bwanji? Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti ndiphikire ndiwo m'chipewa chake. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa mafunso.

Nyengo yozizira ikafika amathira mchere m'misewu kuti chipale chofewa chisungunuke, mchere wochuluka woti mudzi wakwathu ungadye mpaka zidzukulu. Mcherewo umadya magalimoto kunsi mpaka kuboola. Choncho ziphakasa za mabwana zija sizituluka nyengo yonseyo, zimagona pofunda. Amene tinkatuluka ndife, kukadikira basi mamina atauma m'mphuno.

Chinanso, magalimotowo anali ndi mayina, ndipo onse anali achikazi. Panali Betsy, panali Rosie, panalinso Mabel, amene mwini wake ankaimba foni Lolemba lililonse kufunsa kuti wadzuka bwanji. Akazi awo enieni sindinamvepo akuwatchula. Ifenso tinazolowera, tinkangoti Mabel akudontha oilo, Rosie wakana kulira. Zimenezi muzisunge, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepa.

A Tembo anabwera ine nditakhazikika kale, mapepala anga okhalira m'dzikomo atatuluka. Anali a ku Chipata, aakulu kwa ine, aatali, owonda, osafulumira pa chilichonse kupatula kuseka. Ntchito yawo inali kuwongola, kuwotcherera ndi kupopera penti. Ine ndaona amisiri pa Ndirande, koma dzanja ngati limene lija sindinalionenso. Asanabwere anakhala zaka zambiri ku Lusaka akulemba mayina kumbuyo kwa maminibasi ndi malole, ndipo ankati galimoto yopanda dzina pamsana ndi mwana wosabatizidwa. Tinkagona chipinda chimodzi chija. Iwo ankanditcha amwene pondiseka Chichewa changa, ine n'kumawaseka kuti Chinyanja chawo chinatayika panjira yopita ku Lusaka.

Pemiti yawo inali yomangirira. Inkawalola kugwira ntchito kwa Dagi yekha, osati kwina kulikonse. Dagi akanawasunga mpaka kutha kwa chaka chimene ndikunenachi, akanatha kupempha mapepala okhaliratu n'kuitanitsa mkazi wawo, amake Misozi, amene anatsala ku Chipata. Koma Dagi akanawachotsa, njira inali imodzi yokha, ya ku bwalo la ndege. A Tembo ankazidziwa zimenezi usana ndi usiku. N'chifukwa chake bambo wamkulu ngati iwo ankati "yes boss" ngakhale kwa munthu amene sakanatha kuwagwirira tochi.

M'chipinda chathu, pa paipi ya madzi, ankapachikapo chijasi chofiira chachikazi, chaubweya m'khosi. Anachigula pa kaunjika wa kumeneko mwezi woyamba womwe. Loweruka lililonse ankachitsitsa, n'kuchikutumula, n'kuchibwezera.

"Amwene," ankatero, "amake Misozi akazatsika ndeke, nizawavalika pamene paja pa eyapoti. Aone kuti mwamuna wawo sanabwere kuno kusewera."

Malipiro akatuluka tinkapita limodzi kukatumiza kwathu. Mafoni ankayamba kulira tisanafike n'komwe pakhomo: wina fetereza, wina fizi, wina wangokumbukira kumene kuti ndife abale. Ine ndinkakwiya. A Tembo ankangoseka, n'kunena kuti mtengo wopanda zipatso sagenda. Iwo mtima wawo unali pa chijasi chija basi.

Nyengo yotentha ya chaka chimenecho kunabwera kasitomala watsopano, dokotala wa mano wa m'tawuni ya Toronto. Ife tinamupatsa dzina loti Kamano. Anali ndi manja ofewa ngati a khanda, ndipo akapereka moni ankapukuta dzanja pa buluku akuganiza kuti sitikuona. Anabwera ndi pikapu yakale ya mapewa ozungulira, ya nthawi ya agogo athu, atainyamula pa lole. Anaigula kwa mayi wina wamasiye kumafamu, komwe inakhala m'khola zaka zosawerengeka. Penti yake, imene kale inali yobiriwira, inali itasuluka. Pa boneti ndi padenga dzimbiri linali litayala ngati zipere, ndipo pansi pa mpando panali mabowo oti munthu n'kuona msewu.

Kamano anaisisita pa boneti paja ndi manja ake ofewawo, maso ali mwaa.

"Beautiful patina," anatero. "Look at that patina."

Anatiuza kuti moyo wake wonse wakhala akusakasaka patina ngati ameneyu, ndipo anzake akadzamuona adzafa ndi nsanje. Atachoka, Dagi anaitana a Tembo.

"Floor and frame, Tembo, so she passes. And take care of the patina. The patina is everything to this man."

"Yes boss," anayankha a Tembo. "I will take care of her like my own daughter."

Dagi anaseka n'kuwasisita paphewa. Ifenso tinamva bwino lomwe. Pambali pa Betsy, Rosie ndi Mabel, tsopano pabwera Patina. Dzinalo linatikomera. A Tembo anati likumveka ngati la mtsikana wotsogolera kwaya.

Tinaigwira ntchitoyo masabata angapo. Ine ndinali pa injini ndi mabuleki, a Tembo ali chagada kunsi, kudula zitsulo zofumbwa n'kuwotcherera zatsopano. Ankatuluka kunsiko nkhope ili bii, malaya ataboka ndi moto, koma akuimba. Tsiku limene injini inalira koyamba, anavina pakati pa galaja ndi nyundo m'manja.

Lamulungu lina tinapita ku Scarborough, kumene Amalawi ndi anthu a ku Zambia tinkapemphera limodzi m'holo yobwereka. Tikaweruka pankakhala tiyi ndi mandasi. Kumeneko kunali ma nesi, owerengera ndalama za makampani, aphunzitsi a ku yunivesite, anthu oti akakupatsa moni maso amayamba aona zikhadabo zako. Ana awo ukawalonjera m'Chichewa ankayankha "I'm good" akuyang'ana foni. Bambo wina wa taye anatiyandikira.

"A Tembo, mwasowatu masiku ano. Mukutidojatu ku Bible study."

"Nili busy na Patina," anatero a Tembo. "Anitopetsa maningi, koma manje wayamba kuoneka bwino."

Holo yonse inafa ndi phwete. Amayi anayamba kuwaopseza kuti aimbira foni amake Misozi. A Tembo anafotokoza kuti Patina ndi galimoto, kuti mwini wake amam'konda kuposa chilichonse, ndipo kuti bwana anati am'samale. Anthu anaseka kachiwiri n'kubwerera ku mandasi awo. Anthu amene aja Chingerezi amachilankhulira m'mphuno, madigiri ali mbwee pakhoma, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wotitsina khutu. Mwina nawonso sankadziwa. Mwina nkhani ya amakaniko sinali yoti aitchere khutu.

Ntchito yapansi itatha, a Tembo anayamba kusowa mtendere. Tsiku lina tikudya anaika mbale pansi.

"Amwene, uja muntu amukonda Patina, koma ndalama zamuthera. Mwaona walipira zapansi chabe? Manje azayenda naye bwanji mu town na nkhope ija? Anthu azafunsa kuti wachoka ku galaja ya ndani."

Ndinavomereza. Mmisiri weniweni salola galimoto kutuluka pa geti lake ili ndi zipere.

"Kwathu ukagula mulu wa tomato, mai amakuikilako mbasela," anapitiriza. "Imwe mumati banyira. Kuli penti ya green inatsala pa nchito ija ya Rosie, ingouma chabe. Nizamuchita Patina mbasela. Dagi naye aone kuti sanalakwe kunisunga."

Mawu omalizawo ndi amene anali enieni. Kunali kutatsala miyezi yochepa kuti chaka chithe, ndipo a Tembo ankafuna kuti Dagi asakhale ndi chifukwa chilichonse chowatayira. Ine ndinawaombera m'manja. Mpaka lero sindiona cholakwika pa maganizo amene aja, kupatula dziko limene anawaganizira.

Kunabwera tchuthi cha Loweruka mpaka Lolemba, ndipo Dagi anapita ku kanyumba kake ka kunyanja, n'kusiyira a Tembo kiyi. Ine ndinapita kwa mlongo wanga. Masiku onse atchuthiwo, pamene dziko lonse linali kuwotcha nyama panja, a Tembo anali okha m'galaja ndi sandipepa, osalipidwa ndi munthu.

Lachiwiri tinalawirira. A Tembo anavala malaya awo a kutchalitchi. Anandiimika pakhomo, n'kupita kukavundukula nsalu.

Abale, galimoto ija inali itabadwanso. Inali yobiriwira ngati chimanga cha fetereza, yosalala moti ndinadziona nkhope pa chitseko. Dzimbiri silinatsale ndi kadontho komwe. Kenako anandigwira dzanja n'kupita nane kumbuyo. Pa chitseko cha kumbuyo anali atalemba ndi dzanja, zilembo zoyera za mthunzi wachikasu, zopindika bwino ngati za pa minibasi yatsopano: PATINA.

"Manje wabatizidwa," anatero.

Tinaphika tiyi, n'kukhala pa matayala tikumuyang'ana. M'zaka zanga zonse za ku Canada sindikumbukira m'mawa wina umene ndinasangalala ngati umenewo.

Dagi analowa akuimba mluzu. Mluzu unaduka. Kapu ya khofi inagwa pansi, iye osaiyang'ana. Anazungulira galimoto ija pang'onopang'ono, ndipo atafika kumbuyo n'kuwerenga zilembo zija, khosi lake linafiira ngati la nkhukundembo.

"What did you do?"

"Mbasela, boss," anatero a Tembo akumwetulira. "Free. For Patina."

"The rust!" anakuwa Dagi. "The rust is the patina!"

Tinayang'anana. Zinatitengera kanthawi kuti zilowe m'mutu. Patina sanali munthu, sanali galimoto. Patina ndi dzina limene anthu amenewa anapatsa dzimbiri ndi kusuluka kwa penti. Zipere zija, zimene kwathu munthu amachita nazo manyazi n'kumaimika galimoto kuseri kwa nyumba, ndi zimene Kamano anagula. Galimoto yeniyeniyo inali yongonyamulira dzimbirilo. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, ndipo ndi zoona. Koma ndani wamutu wabwino akanaganiza zofunsa ngati dzimbiri lili ndi dzina?

Kamano anafika dzuwa lisanakwere. Munthu amene amazula anzake mano tsiku lonse osaphethira analira misozi yeniyeni, mamina ali chuchuchu. Anagwada kumbuyo kwa galimoto, ndipo ataona zilembo zija anaganiza kuti tikumunyoza dala. A Tembo nawo anagwada, bambo wa imvi pamaso pa mwana woti akanam'bereka, n'kumawomba m'manja mwaulemu wa kwathu.

"Sorry boss. I did not charge. It is free."

"Free?" anatero Kamano. Anatchula loya wake, n'kutuluka.

Dagi sanachedwe kusankha. Kumbali ina kunali dokotala wa mano ndi anzake onse a ziphakasa, kumbali ina kunali a Tembo. Anatambasula dzanja n'kuitanitsa kiyi. Ndinamutsatira mu ofesi. Ndinamuuza za miyezi yotsalayo, za amake Misozi, ngakhale za chijasi. Ndinamukumbutsa kuti munthuyu wagwira masiku a tchuthi osalipidwa pofuna kumusangalatsa iyeyo. Dagi anandimvera mpaka kumapeto akuyang'ana pawindo.

"It's business," anatero.

Ndinamuda kuyambira tsiku limenelo, ndipo sindinasiye.

A Tembo anayenda magalaja a ku Brampton konse mpaka nsapato kutha. Ena ankawafuna, koma akamva zoti pafunika kuwatengera pemiti yatsopano, ankati adzaimba foni. Komanso nkhani inali itawatsogolera. Dagi ankaifotokoza kwa anzake ngati nthabwala, ya munthu wa ku Africa amene anapenta dzimbiri n'kulilemba dzina. Abale athu a ku Scarborough anawapempherera, n'kutsegula gulu la pa foni loti liwathandize. Sabata isanathe gululo linali litadzaza ndi mavesi ndi zithunzi za maluwa.

Ananyamuka masamba akuyoyoka m'mitengo, chipale chisanagwe. Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege. Chijasi chija chinakana kulowa m'chikwama, choncho anachikoleka pamkono. Ndinangoti chifundo chinapha nkhwali, ndipo nditanena ndinadziona kupusa. A Tembo anandigwira paphewa.

"Amwene, musalire. Mukanisamalire Patina."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunali kuja ndinkakudziwa.

Ndinabwerera ku ntchito, chifukwa nanenso mafoni akwathu sanasiye kulira. Dagi anali atagwirizana ndi Kamano kuti abwezeretsa zonse mwakale popanda malipiro. Ndinadabwa kuti dzimbiri la zaka zonse zija alitenga kuti. Anandipatsa sandipepa n'kundilozera kumbuyo kwa galimoto. Ntchito yofufuta dzina lija anandipatsa ine. Ndinayambira pa A womaliza kubwerera m'mbuyo, ndipo penti ya a Tembo inali yogwira moti zala zinatuluka matuza.

Kenako Dagi anakhala masiku akuonera mavidiyo pa foni, n'kubwera ndi nzeru. Tinapaka penti yosuluka dala, n'kuipala mwina ndi mwina mpaka chitsulo kuonekera. Anapita ku golosale kukagula viniga ndi mchere. Mchere womwe uja amabisira magalimoto awo nyengo yonse yozizira, tsopano tinkausungunula m'botolo n'kumaupopera pa boneti ndi manja athu. Imeneyo inakhala ntchito yanga ya m'mawa uliwonse. Ine mwana wa ku Ndirande, amene ndinaphunzira ntchito pochotsa dzimbiri, ndinkathirira dzimbiri ngati mpiru wa kudimba. Ndipo linamera bwino. Dagi ankabwera kudzaliyendera, n'kumati apa pachepa, apa ponjezera.

Nyengo yozizira itatha tinapita nayo koyeza. Woyezayo analowa kunsi ndi tochi ndi kanyundo kake, n'kukhalitsa. Anagogoda paliponse pamene a Tembo anawotcherera. Atatuluka anafunsa kuti pansipa anakonza ndani, chifukwa ntchito yotere masiku ano siioneka.

"We did," anatero Dagi, akutulutsa mimba.

Galimoto inapambana, ndipo Kamano anakatenga nambala puleti yake ya zamakedzana.

Kutatentha kunachitika chionetsero pa bwalo lina kunja kwa Brampton. Dagi ananditenga kuti injini ikavuta ndikhale pafupi. Kamano anabwera atavala ovolosi yatsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe, ndi chipewa cha mlimi. Pa galasi anaika chikwangwani chonena kuti galimotoyi sinakhudzidwepo ndi dzanja la munthu chichokereni m'khola la pafamu. Anthu anaunjikana. Akuluakulu a imvi zawo ankawerama, ena kugwada pa udzu, kujambula viniga wanga. Mdala wina wa ndodo anandikoka malaya, akufuna kundiphunzitsa.

"You see that? You can't fake that. Only time does that."

"Yes sir," ndinatero.

Madzulo ake Kamano analandira chikho. Anachikweza m'mwamba anthu akuwomba m'manja, ndipo anathokoza Dagi, anathokoza mayi wamasiye uja, anathokoza ngakhale mkazi wake. Ine ndinali nditakhala pa bokosi la masipanala, ndikuganiza za munthu amene anataya Canada chifukwa cha chinthu chimene tinachibwezeretsa ndi zinthu za mu golosale.

Ndinakhalako zaka zina zingapo, kenako ndinatopa n'kubwerera. Kunyumba ndinapeza ana anga atatalika kundiposa, akundipatsa ulemu wa mlendo. Abale amene ankaimba foni mwezi ndi mwezi anabwera kudzaona zikwama, ndipo atamva kuti sindinabwere ndi galimoto, anayamba kusowa mmodzimmodzi. Mlamu wanga anandifunsa pamaso pa anthu kuti zaka zonsezo ndikukonza magalimoto a azungu, ndinalephera kupempha ngakhale imodzi yakutha? Ndinamuuza kuti yakuthayo ndiye sakanaikwanitsa. Anaganiza kuti ndikumunyoza.

Nditapumula ndinakwera basi ya ku Mchinji, n'kuwoloka kupita ku Chipata. A Tembo sanavute kupeza. Ndinawapeza pansi pa shedi ya malata kuseri kwa nyumba yawo, akulemba dzina kumbuyo kwa minibasi. Mutu wonse unali utayera, koma dzanja linali lomwe lija. Atandiona anaponya burashi pansi.

"Amwene! Mwabwela na ndeke kapena akupitikitsani?"

Tinakumbatirana mpaka penti kundipaka pa malaya. Ndinawafotokozera za viniga, za mchere, za ovolosi ya Kamano ndi chikho. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala pansi akupukuta maso. Anandiuza motsitsa mawu kuti kunyumba kuno anangonena kuti ntchito inatha, ndipo zambiri sanafotokoze.

Amake Misozi anatuluka ndi madzi osamba m'manja. Ndinali ndisanawaonepo, koma ndinkawadziwa kuchokera pa paipi ija. Anali mayi wamfupi, wa nkhope yoseka, ndipo chijasi chija chikanawakwana bwinobwino. Ndinachiona pomwepo. Chinali choyalidwa pakhonde, chitasuluka, ubweya wa m'khosi utathothoka, ndipo pamwamba pake panakhala kamtsikana kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Anali mwana wa Misozi. Anabadwa mwezi womwe a Tembo anafika kuchokera ku Canada, ndipo monga agogo, anapatsidwa iwo ulemu wotcha dzina.

"Patina!" anaitana a Tembo. "Bwela upatse moni agogo ako a ku Malawi."

Kamtsikana kanabwera, n'kugwada, n'kundipatsa kadzanja. Kwathu kuno ana timawatcha Mavuto, Masautso, Misozi, kuti chimene chinatigwera chisaiwalike, koma mayina amenewo aliyense amawamva.

"Dzina lachizungu," anatero amake Misozi monyadira. "Koma awa akana kutiuza tanthauzo lake. Imwe munali nawo kumene kuja, tiuzeniko. Patina n'chiyani?"

Ndinayang'ana a Tembo. Iwo anali kuyang'ana minibasi.

"Ndi chinthu chodula kwambiri, mayi," ndinatero. "Kumene kuja amachilemekeza kuposa munthu."

Amake Misozi anawomba m'manja ndi chimwemwe, n'kumunyamula mwanayo kumupsompsona. A Tembo anatola burashi yawo pansi, n'kuipukuta dothi, n'kubwerera ku chilembo chimene anasiyira.